Ku Mfuwe, Kumene Madzi Amazimitsa Galimoto

Munthu amene anafika ku Mfuwe m'chilimwe chokha sanganene kuti akulidziwa dziko la Akunda. Nthawi imeneyo alendo odzaona nyama m'nkhalango ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, amaima pa mlatho wa Luangwa naona mchenga ndi mvuu zitaunjikana m'maiwe otsala. Koma inu bwerani m'mwezi wa February, Lupande atasefukira. Msewu wochokera ku Chipata uli ndi phula tsopano, koma mukangopatuka kuloza kwa Nsefu kapena kwa Malama, mukumana ndi dothi lakuda lomata ngati ulimbo, ndi timitsinje topanda milatho. M'chaka cha 2007 madzi analowa ndi m'nyumba zomwe.

Dzinja lina tinali kubwerera kuchokera ku Misa ya kumudzi, titanyamula mayi wodwala kumka naye kuchipatala. Pakati pa kamtsinje, madzi ali m'mawondo chabe, injini inangoti zii. Mwamuna wa mayiyo sananene kanthu. Anavula nsapato nayamba kukankha. Tinafika kuchipatala kutada, ndipo tithokoza Mulungu kuti mayiyo anachira.

M'mawa mwake makaniko wina wachikulire, amene garaja lake ndi mthunzi wa mtengo wa mango, anationetsa chimene chinatigwetsa: pulagi imodzi ya mawaya, yochepa ngati chala, itadzala madzi amatope. Land Cruiser yakale ya dizilo, iye anati, inali kungofuna mpweya wouma ndi mafuta oyera. Galimoto za makono zili ndi kompyuta yolamulira injini, ndipo dontho limodzi pamalo olakwika limaisokoneza nzeru.

Ndinakhala pachitsa tsiku lonse ndikumuyang'ana. Anayamba wachotsa waya wa batire. Pulagi iliyonse anaimasula, naiumitsa, naipaka girisi wosayendetsa magetsi. Pamene ena analumikiza mawaya pongowapota ndi kukulunga tepi, iye anawotcherera ndi mtovu, navekapo kapaipi kamene kamafota ndi kugwira zolimba kakamva moto. Tepi saikhulupirira konse, pakuti kutentha kwa m'chigwa muno kumaimatula mvula isanabwere. Bokosi la mafyuzi anatseka m'mbali mwake, koma anasiya kabowo pansi. Ndinayesa waiwala. Anandiseka: bokosi lotsekedwa kotheratu limachita thukuta m'kati, ndipo chinyezi chopanda potulukira chimadya mkuwa mpaka usanduke wobiriwira.

Chija chipaipi choimirira pambali pa galasi, chimene achinyamata amachikonda chifukwa cha maonekedwe, chimateteza mpweya wolowa mu injini basi, mawaya sichiwathandiza. Ndipo injini ikazima madzi atafika pamene imapumira, musaiyese kuiliza, pakuti madzi sapanikizika ngati mpweya, ndipo zitsulo za m'kati zimapindika.

Pamene tinali kulipira, anatiuza kuti chaka chamawa tidzabwere mu October, mvula isanagwe. Galimoto zina ziwiri zinali kudikira kale pansi pa mangowo, matope asanaume m'matayala.