Sewero Lanthabwala ndi Nchito Yace

Kuseka kuli kwa mitundu-mitundu. Mwana amaseka pamene amace asewera naye. Anthu amaseka pa ukwati cifukwa mitima yao yakondwa. Palinso kuseka kwina kowawa, kwa munthu amene aona mnzace ataterereka m'matope, iye nayamba kumloza cala osamdzutsa. Kuseka konseku kumatulukira pakamwa, koma kumacokera m'mitima yosiyana. Cifukwa ca ici, si ciri conse coseketsa cimene ciyenera dzina la sewero lanthabwala. Sewero lotere liri ndi mamangidwe ace, ndiponso liri ndi nchito yace pakati pa anthu. Nchito yaceyo ndiyo kuonetsa munthu cilema ca mtima wace m'njira yakuti angathe kucileka, ndi kubwerera kwa anzace wopanda cidani.

KUMENE DZINA LINACOKERA

Azungu ambiri amachula sewero lanthabwala kuti komedi. Dzina limeneli analitenga kwa Agriki akale. M'cinenero cao, komos linali gulu la anthu okondwa oyenda m'miseu alikuimba ndi kubvina, ndipo ode inali nyimbo. Motero komedi poyamba inali nyimbo ya anthu a pa cikondwerero.

Mumzinda wa Athens munali madyerero caka ndi caka olemekeza Dionysus, amene iwo anamuyesa mulungu wa vinyo. Pa madyerero amenewo olemba masewero ankapikisana, ndipo oweruza ankasankha wopambana. Masewero acisoni ndiwo anayamba kulowa mumpikisanowo. Anthabwala analoledwa m'caka ca 486 Kristu asanabadwe. Anthu zikwi zambiri ankakhala pa mtsetse wa phiri, masana, poyera popanda denga. Osewera onse anali amuna, ngakhale poyerekeza akazi, ndipo ankabvala zigoba kumaso. Ndico cifukwa cace mpaka lero nyumba zambiri za masewero ziri ndi cizindikiro ca nkhope ziwiri, ina yolira ndi ina yoseka.

NKHOPE YOLIRA NDI NKHOPE YOSEKA

Sewero lacisoni limanena za munthu wamkulu, mfumu kapena ngwazi ya nkhondo, amene alakwa, ndipo kulakwako kumkokera ku cionongeko osatha kubwerera. Oonerera amatuluka ali duu, mitima italema ndi cifundo ndi mantha. Sewero lanthabwala limatenga anthu wamba: mlimi, wanchito wa m'nyumba, nkhalamba yaumbombo, mnyamata wofuna mbeta. Iwonso amalakwa, ndipo kulakwa kwao kumabala msokonezo waukulu. Koma pamapeto pace mfundo imamasuka, bodza limaululika, ndipo anthu amene anayambana amadyeranso mbale imodzi.

Munthu wanzeru wa ku Greece, dzina lace Aristotle, amene anakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 Kristu asanabadwe, anaphunzitsa kuti cimene ciseketsa m'sewero ndi kulakwa kapena kusaoneka bwino kumene sikupweteka munthu kapena kumuononga. Ciphunzitso cimeneci ncakuya. Nkhalamba imene yakwirira ndalama zace pansi, nimadzuka usiku kukaziwerenga, niyesa mbala mwana wace yemwe, imaseketsa anthu. Koma mwana wa nkhalambayo akafa ndi njala ndalama ziri m'dothi, palibe amene angaseke. Cilema ncimodzimodzi, ndico umbombo. Casiyanitsa ndi mathero ace. Wolemba nthabwala amaimitsa cilema panjira cisanafike popha munthu, kuti anthu acione bwino, aciseke, acileke.

Pamene masewero a William Shakespeare wa ku England anasindikizidwa m'buku limodzi m'caka ca 1623, anali 36, ndipo 14 mwa iwo anawaika m'gulu la anthabwala. Ambiri a amenewa amatha ndi ukwati. Izi sizinacitike mwangozi ai. Ukwati umalumikiza mabanja awiri, nulonjeza ana. Ndiwo mboni yakuti mudzi sunapasuke, ndi kuti moyo ulikupitirira.

WAMNG'ONO ALANKHULA KWA WAMKULU

Nthabwala ziri ndi mphamvu inanso: zimapatsa munthu wamng'ono mpata wolankhula kwa wamkulu. Izi zinaoneka ku Athens konkuja. Wolemba nthabwala wochuka wa kumeneko anali Aristophanes. Analemba masewero ngati 40, koma amene anatsala mpaka lero ndi 11. Iye anakhala m'nthawi ya nkhondo yaitali ya Athens ndi mzinda wa Sparta, imene inayamba mu 431 nitha mu 404 Kristu asanabadwe. Pa nthawiyo mu Athens munali mtsogoleri wamphamvu ndi waukali, dzina lace Cleon, amene sanafune kumva za mtendere.

Mu 426 Aristophanes anaonetsa sewero lodzudzula akulu a mzinda, ndipo Cleon anamsumira ku bwalo la akulu, nati wacititsa manyazi Athens pamaso pa alendo. Wolembayo sanaleke. Patapita zaka ziwiri anabwera ndi sewero lina. M'menemo anthu onse a ku Athens anawayerekeza ndi nkhalamba imodzi yogontha pang'ono, ndipo Cleon anamyerekeza ndi kapolo wosyasyalika amene amanyenga nkhalambayo namaba zakudya zace. Kapoloyo anagonjetsedwa ndi munthu wamba wogulitsa soseji, amene anamposa kupfuula ndi kusyasyalika komwe. Oweruza anapatsa seweroli mphotho yoyamba.

Komabe anthu omwewo, atatha kuseka, anasankha Cleon kukhala mmodzi wa akulu a nkhondo. Apa pali phunziro. Nthabwala si nkhwangwa yogwetsa mtengo tsiku limodzi. Nchito yace njocepetsa mantha, pakuti munthu amene wasekedwa poyera saonekanso ngati mulungu. Ndiponso khamu lija, poseka nkhalamba yonyengedwa, linali kudziseka lokha, cifukwa nkhalambayo inali iwo eni.

MLENDO M'NYUMBA YA ORGON

Citsanzo coonetsa bwino tanthauzo la sewero lanthabwala cicokera ku France. Kumeneko kunali wolemba ndi wosewera wodziwika ndi dzina lakuti Molière, amene anabadwira ku Paris mu 1622. M'mwezi wa May 1664 anaonetsa sewero lace la Tartuffe pamaso pa Mfumu Louis XIV ku Versailles.

Nkhani yace nayi. Munthu wina wacuma, Orgon, anakomana m'chalichi ndi mwamuna wosauka, Tartuffe, amene ankapemphera mousa moyo kwambiri kuti onse amuone. Orgon anamtenga kupita naye kwao, namkonda koposa mkazi wace ndi ana ace. Tsiku lina, atabwera ku ulendo, wanchito wamkazi, Dorine, anamuuza kuti mai wa m'nyumba anadwala kwambiri, sanadye ndipo sanagone. Orgon sanasamale, anangofunsa za Tartuffe. Atamva kuti Tartuffe anadya nkhwali ziwiri ndi theka la mwendo wa nkhosa, nagona mpaka m'mawa, Orgon anamcitira cisoni ngati kuti iye ndiye wodwala. Apa oonerera amaseka, koma amaonanso kuti maso a mwini nyumba acita khungu.

Khungu limeneli linakula. Orgon anafuna kupatsa Tartuffe mwana wace wamkazi, Mariane, amene anali ndi bwenzi lace kale. Mwana wace wamwamuna, Damis, ataulula kuti mlendoyo alikufunsira mkazi wa atate ace, Orgon anampitikitsa pakhomo, nalembera Tartuffe cuma cace conse. Paja akulu anati wopusa anaomba ng'oma, wocenjera nabvina. Potsiriza mkazi wa Orgon, Elmire, anabisa mwamuna wace pansi pa gome, naitana Tartuffe, kuti mwini nyumba adzimvere yekha ndi makutu ace. Orgon anamva zonse. Anatuluka pansi pa gome, nauza wonyengayo kuti acoke. Koma Tartuffe anayankha kuti nyumba tsopano njace, ndipo ocoka ndiwo iwo. Banja lonse likadagona panja, koma msilikali wa mfumu anamanga Tartuffe, pakuti mfumu inadziwa za cinyengo cace ca kale. Orgon anabwezeredwa nyumba yace, ndipo Mariane analoledwa kukwatiwa ndi wokondedwa wace.

Munthu wolingalira bwino adzaona kuti wosekedwa kwambiri m'seweroli ndi Orgon, munthu wopanda cinyengo amene analeka kugwiritsa nchito maso ace. Adzaonanso kuti wonena zoona kuyambira paciyambi ndi wanchito, wamng'ono wa onse m'nyumbamo. Ndipo Orgon sataika. Acita manyazi, aphunzira, nakhalabe tate wa banja lace. Wocotsedwa pakati pa anthu ndi yekhayo amene anakana kusintha.

Akulu ena a mpingo anakwiya nalo seweroli, nati linyoza cipembedzo, ndipo mfumu inaletsa kuti lisaonetsedwe poyera. Molière analembera mfumu, kufotokoza kuti iye salimbana ndi opembedza oona, koma ndi onyenga obvala cipembedzo ngati malaya. Mu 1667 analikonzanso naliseweranso, koma tsiku limodzi lokha. Linaletsedwanso, ndipo bishopu wamkulu wa ku Paris analengeza kuti ali yense wolisewera, woliwerenga kapena wolimvera adzadulidwa mumpingo. Cilolezo cinabwera pa 5 February 1669, ndipo anthu anadzaza nyumba ya masewero. Mpaka lero anthu a ku France amachula munthu wonyenga wodziyeretsa kuti tartuffe. Ciletso ca zaka pafupi-fupi zisanu cimeneci cicita umboni kuti nthabwala ziri ndi mano, pakuti palibe amene amaletsa cinthu copanda mphamvu.

MALIRE A KUSEKA

Koma kuseka kuli ndi malire ace. M'caka ca 1940 Charlie Chaplin, wosewera wobadwira ku London, anatulutsa cithunzi ca kanema, The Great Dictator, coseka Adolf Hitler wa ku Germany. M'menemo wolamulira wankhanza asewera ndi mpira wamphepo wojambulidwa ngati dziko lapansi, nabvina nao, mpaka mpirawo umphulikira m'manja. Anthu ambiri anaseka, nalimba mtima. Koma nkhondo itatha mu 1945 kunadziwika poyera kuti ulamuliro wa Hitler unapha Ayuda pafupi-fupi mamiliyoni 6. M'buku la moyo wace, lotuluka mu 1964, Chaplin anaulula kuti akadadziwa zoopsya za m'misasa ya ndende ija, sakadatha kupanga cithunzico. Apa ciphunzitso ca Aristotle cija cionekanso kuti ncoona. Kumene kuli mwazi ndi maliro, nkhope yoseka imabvulidwa.

Malire ena ndi awa: nthabwala zabwino zimaloza cinthu cimene munthu angathe kusintha. Waulesi angathe kugwira khasu, wodzikuza angathe kudzicepetsa, waumbombo angathe kutambasula dzanja. Koma wopunduka sangasinthe mwendo wace, wacibwibwi sanasankhe lilime lace, ndipo palibe amene anasankha mtundu wobadwiramo. Woseka zotere acita nkhanza, ngakhale atabvala cigoba coseka, ndipo waiwala mwambi uja wakuti caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.

MUYESO WA NTHABWALA ZABWINO

Nzeru yodzudzula mwanthabwala si ya Azungu okha. M'midzi ya ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia, amai posinja pamtondo amaimba nyimbo zodandaula za mwamuna waulesi kapena apongozi ouma manja, osachula dzina. Anzao amaseka, mwini nkhani namva ali kuseri kwa nkhokwe, ndipo nthawi zina mlandu umatha usanafike kwa ankhoswe. M'nthano za madzulo, Kalulu wamng'ono apusitsa Njobvu ndi Fisi, ana naphunzira kuti nyonga ndi dyera sizipambana nzeru. John Nyanga ndi Eric Mabedi, odziwika kuti Izeki ndi Jakobo, anayenda m'njira yomweyo poseketsa Amalawi ndi makhalidwe a anthu a masiku onse, mpaka woyambayo anamwalira mu 2016, ndi waciwiriyo mu 2021.

Tsono munthu akapita kukaonera sewero lanthabwala pa bwalo la sukulu kapena m'kanema, kapena akalimva pa wailesi, aseke ndi mtima wonse, pakuti kuseka nkwabwino. Koma pobwerera kwao adzifunse mafunso atatu. Kodi cimene casekedwa ncilema cimene munthu angathe kucileka? Kodi wosekedwayo amsiyira khomo lobwererapo kwa anzace? Nanga iye mwini, poyang'ana nkhope ya wopusa wa m'sewero, sanaonemo nkhope yace yomwe? Funso lacitatuli ndilo lobvuta, cifukwa munthu saona msana wace. Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi. Wolemba nthabwala wabwino ndi mnansi wotere. Amatsina khutu pamaso pa gulu, koma ndi dzanja lofewa, kotero kuti wotsinidwayo amaseka pamodzi ndi anzace, napita kwao atamva.