Kacidutswa ka Sopo ndi Gombeza la Mkwati

M'mudzi wina pakati pa Katete ndi Sinda, kufupi ndi mseu waukulu wa Great East Road, mukhala mai wamasiye amene makina ake opalasa ndi mapazi a Singer ndiwo munda wake waciwiri. Mwana wake wamkazi atapeza mbeta yomumasula, mnyamata wa ku Vubwi kumalire a Malawi ndi Mozambique, maiyu anatsimikiza mtima kuti mwanayo asapite kwa eni ndi mbale ndi mapoto okha. Kumapiri kumeneko cisanu ca June ndi July cimalowa mpaka m'mafupa, ndipo iye anafuna kumusokera gombeza la zigamba.

Zigambazo anazitola kwa miyezi yambiri kwa atelala a m'makonde a masitolo ku Katete, tizidutswa ta citenge totsala podula madiresi. Kuzilumikiza sikunavute. Gombeza lotere liri ndi nsalu zitatu: zigamba pamwamba, bulangeti lakale pakati, ndi nsalu yoyera pansi. Zitatuzi zikapanda kusokedwa pamodzi paliponse, bulangeti la pakati limadziunjika kumbali imodzi pa kucapa koyamba. Ambiri amangosoka mizere yowongoka, ndipo palibe colakwa. Koma maiyu anafuna masamba a dzungu oyanga pakati, ndi mizere yokhotakhota m'mphepete yonga imene oumba amalemba pakhosi pa mbiya.

Apa ndipo anaphonya. Anatenga bolopeni ya mdzukulu wake nalemba masambawo pa nsalu yoyera ija ndi dzanja, lina lalikulu lina laling'ono, poganiza kuti ulusi udzabisa zonse. Ulusi sunabise kanthu. Atacapa, inki inamwazika ngati mkaka wa nthoci pa malaya, ndipo sopo ndi dzuwa zinalephera. Mamita awiri a nsalu, ogulidwa ndi ndalama za nshawa, anasanduka cophimbira cimanga. Ukwati unali utatsala ndi milungu isanu.

Amene anamuwombola ndi azakhali ake, nchembere imene inaphunzira kusoka m'kalabu ya amai m'zaka za m'ma 1970, masiku amene alangizi a citukuko anali kuyenda pa njinga m'midzi. Gogoyo anayang'ana nsaluyo nthawi yaitali osanena kanthu.

"Mwana wanga, kodi munda umalimidwa usanaikidwe cingwe?"

"Iyai, azakhali. Koma ine ndinayesa dzanja langa lidziwa tsamba la dzungu."

"Lidziwa limodzi. Makumi anai ofanana salidziwa. Katenge katoni ndi lezala."

Anathyola tsamba lenileni kudimba, naliika pa katoni ya sopo, nazungulira m'mbali mwake ndi pensulo, nadula. Pakati anang'amba timipata titatu topyapyala ta mitsempha ya tsamba, akusiya timilatho kuti katoniyo isagawike. Ca mizere ya m'mphepete anadula cacitali ngati mkono, kuti azingocisuntha. Kenaka anapinda nsalu yatsopano pawiri, napindanso, kuti mphambano ya mapindowo isonyeze pakati penipeni, pakuti nchito yonse iyambira pamenepo kunka kunja. Woyambira m'mphepete amakankhira makwinya onse pakati, kumene alibe kothawira.

Za colembera ndizo anakhalitsapo. Pa nsalu yakuda kapena yamaluwa ambiri, palibe coposa kacidutswa ka sopo wouma kamene katsala pang'ono kutha, kaja ana amataya kubafa. M'mphepete mwake ndi mwakuthwa, mzere wake ndi woyera, ndipo madzi oyamba amaucotsa. Coko ca atelala cigwira bwino, koma cimafufutika ndi manja, cotero munthu alembe gawo la tsiku limenelo lokha. Pa nsalu yoyera sopo saoneka. Pamenepo pensulo yosongoka, yolembedwa mopepuka kwambiri, ikwanira, kapena kungokanda ndi msana wa mpeni wobuntha kuti patsale kamkwasa. Khala la pamoto ai, cifukwa limadetsa ndi ulusi womwe. Ndipo ciri conse ciyambe cayesedwa pa kacigamba ndi kucapidwa. Simbi yamoto isayandikire mizere isanacapidwe, pakuti kutentha kumakhazikitsa utoto wina mu nsalu mpaka kale.

Ndi nzeru yomweyo ya kulemba ndi cinthu cocoka imene amisiri a Tribal Textiles ku Mfuwe agwiritsa nchito kuyambira 1991: amajambula pa nsalu ndi phala la ufa, napaka utoto, kenaka nacotsa phalalo, mizere nitsala yoyera.

Kunatsala makina. Pansi pa singano pali timano timene timakoka nsalu kunka kutsogolo kokha, ndipo tsamba la dzungu silidziwa kutsogolo kokha. Gogoyo anaphimba timanoto ndi kapepala kolimba koboola pakati, nabweza kacitsulo ka kutalika kwa msoko kufika pa 0. Kuyambira apo makina angobaya. Woyendetsa nsalu ndi mwini wake, kumanja, kumanzere, m'mbuyo, monga afunira. Nsalu zitatu zija anayamba wazigwiriza ndi misoko ikuluikulu ya pamanja kuti zisatsetsereke.

Masiku atatu oyamba anali a misozi. Mapazi akafulumira manja nacedwa, misoko imaunjikana pamodzi ulusi nuduka. Manja akathamanga, misoko imatalika ngati ya thumba la fetereza. Singano inathyoka kawiri, ndipo kamodzi inapyola m'mbali mwa cikhadabo. Pa tsiku lacinai mapazi ndi manja zinamvana, monga amvanirana awiri osinja mu mtondo umodzi.

Anzake ena anamuseka. Mabulangeti a salaula ali mbwee pa msika wa Katete, ndipo ndi otsika mtengo. Nanga kudzizunza kwa ciani? Funsolo si lopusa. Thonje la cigawo ca Kum'mawa limalimidwa ndi anthu omwewa, koma cicokere kutsekedwa kwa fakitale ya Mulungushi Textiles ku Kabwe mu 2007, nsalu zambiri za m'masitolo zakhala zocokera kunja, ndipo wosoka ndi manja sangapikisane nazo pa mtengo. Maiyu sanayankhe. Iye sanali kugulitsa.

Gombezalo linatha kutatsala masiku anai. Analicapa kumtsinje ndi mtima uli m'mwamba, ndipo litauma pa udzu panalibe mzere ndi umodzi wa sopo kapena pensulo, koma masamba okha otukuka ndi ulusi. Limodzi la pangodya linapotoka, pamene mbuzi inalowa m'nyumba iye ali pa makina.

Ku Vubwi, katundu wa mkwati atamasulidwa pa mphasa, apongozi aakazi anatenga gombezalo nalitembenuza, nayendetsa cala pa mitsempha ya tsamba limodzi kufikira kuphesi. Anafika ndi pa lopotoka lija, naima pang'ono, napitirira.

"Asewere, kodi katoni munadulira masambawa mwabwera nayo?"

Inali itatsala kumudzi, yofewa ndi thukuta la manja. Maiyu analonjeza kudula ina, akapatsidwa tsamba la m'dimba la komweko.