Dzina lokula nalo

Mwezi wathawu ndinaperekeza mpongozi wanga kusikelo ya ana. Nditakhala pabenchi ndinatchera khutu alangizi a zaumoyo akuitana mayina: Princess, Pinky, Mimi, Kiki, ndiponso Angel angapo motsatizana. Ndinkayesa ndi mayina ongosangalatsira khanda pakhomo, koma mayi wina wa pambali panga atandionetsa kabuku kakuchipatala ka mwana wake, ndinaona kuti alembadi momwemo. Mmawa wonsewo sindinamve Tiyanjane, Ndaziona kapena Tinenenji.

Ine ndinakulira ku Dedza m'zaka za m'ma 1980. Kwathu mwana akabadwa ankakhala m'chikuta ndi amake mpaka mchombo utagwa. Tsiku lotuluka m'chikutamo azakhali kapena agogo ankabwera ndi kambale ka ufa, ena ndi kasopo kapena timakobidi, n'kumunyamula mwanayo, n'kumutcha dzina. Mayina ake anali olankhula. Mwandida ankauza apabanja zimene amake sakanatha kuwauza maso ndi maso. Mavuto ankakumbutsa chaka chimene anabadwa. Ena ankangopatsidwa dzina loseketsa potengera kuchepa thupi kapena kaliridwe kawo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa ngati dzinalo lidzamuyenere mwanayo akadzakula. Aliyense ankadziwa kuti silidzafika kumeneko.

Achemwali anga anali ndi dzina lotero, ndipo ngakhale lero sindingalilembe pano. Ndimakumbukira tsiku limene anatuluka kuchinamwali. Anali atametedwa mpala, thupi lili phuliphuli ndi mafuta, mikanda m'khosi, maso ali pansi. Amayi a m'mudzi anawazinga ndi nthungululu, anthu akuponya ndalama pamphasa, ndipo anamkungwi analengeza dzina latsopano, lija la mfunda wa abambo, loyamba ndi Na. Kuyambira madzulo amenewo dzina lakale linafa. Patapita masabata ochepa mnyamata wina anawaitana nalo kumjigo mwachipongwe, ndipo nkhani inafika kwa akuluakulu. Amake a mnyamatayo anabwera kwathu atakwapatira nkhuku m'khwapa kudzapepesa. Ndinali wamng'ono, koma ndinamva mumtima kuti achemwali anga asanduka munthu wina, wofunika kumugwadira pompatsa madzi.

Sizinathere pomwepo. Atakwatiwa n'kubereka, mudzi wonse unayamba kuwaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba, amake auje. Lero ndi agogo. Dzina lawo la ubatizo ankalidziwa ndi abusa ndi aphunzitsi okha. Mayi mmodzi ankadutsa m'mayina anayi kapena asanu, lililonse la msinkhu wake, monga momwe mtsikana amasiyira kadiresi kakamuthina n'kuyamba kumanga chitenje.

Komabe nyengo imene ndimaikonda kwambiri ndi ija ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990. Amayi athu ambiri anali a Esinati, a Enelesi, a Dorofe ndi a Felesiya, mayina a kumishoni opindidwa ndi lilime lathu. Koma ana awo anayamba kuwatcha Chikondi, Chisomo, Tadala, Thokozani, Madalitso, Tamandani, Takondwa. Sukulu yaulere itayamba mu 1994, ana anadzaza mpaka pansi pa mitengo, ndipo aphunzitsi akamaitana mayina mmawa zinkamveka ngati pemphero. Mayina amenewa analibe ndewu mkati mwake ngati ena akale aja, komanso sanali obwereka. Chimene ndimawakondera koposa n'chakuti lililonse linkabwera ndi kamng'ono kake. Pakhomo anali Thoko, Chiko, Mada, Tama. Pasatifiketi ya MANEB anali Thokozani, Chikondi, Madalitso, Tamandani. Mwana ankakhala ndi lomunyengerera akamalira, n'kukhalanso ndi loti adzaimirire nalo pagulu. Atsikana a mayina amenewa lero ndi anamwino, aphunzitsi aakulu ndi amayi a mvano, ndipo mayina awo akuwakwanabe bwinobwino.

Kenaka kunabwera kanema. TVM inayamba kuulutsa mu 1999, timanyumba toonetsera mafilimu a ku Nigeria tinadzaza m'misika, DStv inalowa m'makomo, Facebook inalowa m'mafoni. Makolo achinyamata anayamba kutola mayina kumeneko, makamaka aafupi, otsekemera pakamwa. Nthawi yomweyo njira zakale zosinthira dzina zinayamba kutsekeka. Atsikana ambiri a m'tauni savinidwa, ndipo olandira chilangizo kutchalitchi amatulukako ndi dzina lomwe analowa nalo. Chiyambire kalembera wa unzika wa 2017, dzina la pachiphaso ndi lomwe umatsegulira akaunti kubanki, kulembetsera nambala ya foni ndi kuponyera voti. Ana akulembedwa m'kaundula akangobadwa kuchipatala, mchombo usanagwe n'komwe, agogo asanamuone. Kulisintha pambuyo pake ndi chintchito cha makalata ndi kuyendera maofesi. Ndiye Pinky wa kusikelo uja adzakhala Pinky pofunsira ntchito, Pinky pa ukwati wa mwana wake, Pinky pamene adzukulu akumuzungulira.

Ndikudziwa kuti mayina akale sanali okoma onse. Mwana wotchedwa Maliro kapena Nyozani ankasenza mkwiyo ndi misozi ya akuluakulu asanalakwe kanthu, ndipo mayi wotcha mwana wake Princess akungoonetsa chikondi. Ndikudziwanso kuti munthu ndiye amalemeretsa dzina. Kamuzu ndi dzina laubwana, lochepetsa, koma mwini wake analamulira dziko lino zaka 30 ndipo palibe ankaseka polimva. Kungoti iye anali ndi ena otsamira, Hastings, Banda, Ngwazi. Ndiponso mnyamata wa dzina lachibwana anthu amafulumira kumuitana ndi dzina la bambo wake akangomera ndevu. Mtsikana amamuitanabe ndi dzina lake loyamba kuofesi, kumsika ndi kuchipatala, ndipo likakhala lachikhanda ena amatengerapo mwayi womuona ngati mwana, ngakhale ali ndi madigiri.

Inu makolo a lero, muitaneni mwana wanu Mimi kapena Kiki mmene mungafunire, mumuimbire nalo pomugoneka, palibe angakuletseni. Koma akakupatsani fomu yolembetsera kubadwa kwake, musafulumire. Afunseni agogo ake ndi azakhali ake, ndipo mulembepo dzina loti adzathe kulitchula yekha mosachita manyazi ali ndi zaka 50.