Chitini cha Bambo Anga

Bambo anga atamwalira m'chaka cha 2019, achibale adasonkhana kwathu ku Chisi kuti aone zomwe malemuwo adasiya. Pansi pa bedi padapezeka chitini cholemera, chomangidwa ndi mphira. Onse adatong'ola maso poganiza kuti mkuluyo ankabisa chuma. Atachitsekula adangoti kukamwa yasa! Mudali ndalama zachitsulo zakalekale zoti sungagulire ngakhale mulu wa matemba. Amalume adati tipatse ana azisewera nazo, koma amayi adachilanda chitinicho n'kundipatsira ine mosalankhula kanthu.

Ndidapita nacho ku Zomba komwe ndimagwira ntchito m'boma, ndipo chidakhala zaka zitatu pamwamba pa kabati. Tsiku lina mwana wanga wamkazi adandifunsa kuti tambala ndi ndalama yotani. Ndidachita manyazi pozindikira kuti mwanayo sadagwirepo ndalama yomwe ine ndinkagulira zitumbuwa kusukulu. Usiku womwewo ndidakhuthulira chitinicho pamphasa.

Mudali makobidi oboola pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, okhala ndi njovu ziwiri. Mudalinso masheleni a 1964 okhala ndi nkhope ya Kamuzu Banda, komanso matambala a 1971, chaka chomwe kwacha idalowa m'malo mwa paundi. Zina zidali za m'nthawi ya Bakili Muluzi, monga kwacha imodzi ya nkhwazi ija. Ndidayamba ndi kulakwitsa. Ndidakwecha kobidi limodzi ndi phulusa kuti liwale, koma lidangodzaza zikande. Kuyambira pomwepo ndidangopukuta zotsalazo ndi kansalu kouma.

Ndidaganiza zozikhomera bokosi loti munthu aziziona osazigwira, chifukwa thukuta la m'manja limadetsa chitsulo. Kalipentala wina adandipalira matabwa a mlombwa, koma zotsalazo ndidapanga ndekha Loweruka lililonse. Ndidaboola maenje osaya pathabwa, lililonse molingana ndi ndalama yake, n'kuyalamo nsalu yakuda. Pamwamba ndidaika galasi la pawindo, ndipo m'mbali ndidamata bwino kuti chinyezi chisalowe. Zilembo zina zidali zitafufutika, choncho ndidagula galasi lokulitsira zinthu n'kulimangirira kubokosiko ndi katcheni kuti ana asalisowetse.

Ndikuyang'ana ndi galasilo, ndidaona kuti sheleni imodzi idali ndi timizere tiwiri topingasana pafupi ndi chimanga chojambulidwapo. Sizidali zikande wamba, munthu adachita kulemba ndi nsonga ya mpeni.

Pa Khrisimasi ndidanyamula bokosilo, nditalikulunga m'bulangete, n'kukwera boti pa Kachulu. Ulendo wonse ndidalifungatira ngati khanda poopa kuti galasi lingasweke. Amayi, omwe maso awo adali atayamba kuchita chidima, adalandira galasi lokulitsiralo mokayika. Adayendetsa pang'onopang'ono mpaka adafika pa sheleni ija, ndipo adakhala chete nthawi yaitali.

"Mwananga, iyi ndi yanga," adatero. "Bambo ako adandipatsa ya chikole."

Adandifotokozera kuti m'chaka cha 1968 nyanja ya Chilwa idauma, nsomba zidasowa, ndipo anyamata ambiri adachoka pachilumbapo kukafuna ganyu kumtunda. Bambo adayenda wapansi pamatope ouma mpaka ku Kachulu. Asadanyamuke adalemba chizindikiro pa sheleniyo n'kuwapatsa amayi kuti awadikire. Adawadikiradi. Atakwatirana, amayi adaiponya m'chitini cha amuna awo, ndipo ngakhale pamavuto a 1995, nyanja itaumanso, chitinicho sichidatayidwe.

"Nanga bwanji simudanene tsiku lija, amayi?" ndidafunsa.

"Ndikadauza yani? Onse aja ankafuna ndalama zogulira zinthu."

Ndidabwera ndi cholinga chongowaonetsa bokosilo n'kubwerera nalo ku Zomba, koma sindidathe. Ndidalikhomera pakhoma la chipinda chawo, kutali ndi utsi wa kukhitchini. Mwana wanga akafuna kuona tambala, amayenera kukwera boti n'kukakhala pambali pa agogo ake, omwe amamugwirira galasi n'kumamufotokozera ndalama iliyonse. M'bokosimo ndidasiya maenje atatu opanda kanthu. Amayi akuti limodzi ndiikemo K10 yachitsulo ya 2012, yomwe nayonso ogulitsa pamsika adayamba kale kuinyoza.