Kalata kwa Chisomo, Mwana wa Achimwene Anga

Wokondedwa Chisomo,

Bambo ako andiuza kuti ukudandaula nalo dzina lako. Akuti m'kalasi mwanu a Chisomo alimo angapo, a Banda ndiye osanena, moti zotsatira za mayeso zikamatidwa pakhoma umachita kudalira nambala kuti upeze mzere wako. Akutinso ukulingalira zodzasintha ukamaliza maphunziro, utenge lina lomveka lachilendo. Amene ndinakutcha dzinali utatuluka m'chikuta ndine, choncho ndilole ndiliyankhulire. Ndalemba poyera chifukwa anzako ena, a Chikondi Phiri ndi a Mphatso Mwale, mwina ali ndi dandaulo lomweli.

Ndiyambe ndi Banda, poti ndiye wamkulu. Ili si dzina la banja limodzi, loti onse olitchulidwa ndi zidzukulu za munthu mmodzi wodziwika. Ndi mfunda, ena amati chiwongo. Akuluakulu amasimba kuti makolo athu pochokera ku Uluba, m'dziko lomwe lero ndi Congo, anafika pamalo ena dzuwa litapendeka. Gulu lina linakwera kukagona pamwamba pa phiri, ndiwo a Phiri. Lina linatsala m'tsinde, n'kubanda udzu kuti lipeze pogona, ndiwo ife a Banda. Ofufuza mbiri ambiri amati a Banda ndi amene anayamba kufika kuno, ndipo a Phiri anabwera pambuyo ndi ufumu wa Kalonga. Nkhani ziwirizi zimagwirizana pachinthu chimodzi: m'Banda ndi munthu wa nthaka, wolambula malo ndi kulima.

Mpando waukulu wa Amaravi unali wa a Phiri. Kalonga ankakhala ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, ndipo wolowa ufumu ankachokera m'mimba ya Nyangu. Koma mvula inali m'manja mwa a Banda, ndipo inali m'manja mwa mkazi. Ku Msinja, m'mphepete mwa Dzalanyama, kunali kachisi wamkulu wa Makewana, mayi wa ana onse. Kukachita ng'amba, mafumu ankatumiza nsembe kwa iye. Tsitsi lake silinkametedwa, poopa kuti mvula ingamangike. Ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa Matsano, ndipo pakachisipo panali ng'oma yopatulika, Mbiriwiri. Kufupi ndi komweko kuli Kaphirintiwa, pathanthwe pomwe makolo ankati pali mapazi a anthu oyamba. Kalonga nayenso mkazi wake wamkulu ankayenera kukhala wa kwa a Banda, ndipo udindo wake unkatchedwa Mwali. Ine ndimati pamenepa makolo anaganiza mozama. Sanalole kuti mkondo ndi mvula zikhale m'nyumba imodzi. Ngati ukufuna kuwerenga zambiri, funa buku la Samuel Josia Ntara la Mbiri ya Achewa.

Kale munthu sankalemba mfunda papepala. Unali wolemekezera. Mwamuna akakupatsa chakudya unkathokoza kuti zikomo a Banda, ndipo mkazi ankaitanidwa kuti Nabanda, Naphiri, Nambewe kapena Nankhoma. Kumpoto amati Nyabanda. Mpaka lero amuna anga sananditchulepo dzina langa laumwana pagulu, amangoti Anabanda. Mfunda unkathandizanso pa ukwati, chifukwa anthu a mfunda umodzi ankaonana ngati pachibale. Akuluakulu amati kalekale unkatsata kuchikazi monga umayendera ufumu wathu, koma masiku ano mwana amatenga wa bambo ake.

Nanga unalowa bwanji m'kaundula? Kutabwera sukulu za mishoni, msonkho ndi maulendo a kumigodi, kalaliki ankafuna mayina awiri. Munthu akafunsidwa lachiwiri, ena ankapereka dzina la bambo awo, koma ambiri ankapereka mfunda. Midzi yathunthu inalembedwa Banda, ina Phiri. N'chifukwa chake mayina awiriwa ali m'gulu la ofala kwambiri m'Malawi ndi m'Zambia. Amene anapita ku Joni ndi Wenela, ndi amene anakagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Rhodesia, anapita nawo. Lero ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Soweto kuli a Banda ndi a Phiri ena oti Chichewa sachidziwa, koma dzinalo limawauza kochokera agogo awo. Ray Phiri, woimba gitala wa gulu la Stimela amene anaimba ndi Paul Simon m'chimbale cha Graceland mu 1986, bambo ake anali ochokera kuno. Rupiah Banda, amene analamulira Zambia kuyambira 2008 mpaka 2011, anabadwira ku Gwanda m'dziko la Zimbabwe mu 1937.

Kwathu kuno dzina la Banda lakhalapo pampando kawiri. Kamuzu Banda wa ku Kasungu anabwerera kumudzi pa 6 July 1958, natsogolera dziko kuyambira 1964 mpaka 1994. Amati anamutcha Kamuzu chifukwa mayi ake anamwa mankhwala a mizu kuti aime, ndipo la Hastings analitenga kwa mmishonale wa ku Scotland. Joyce Banda, mtsogoleri kuyambira 2012 mpaka 2014, kwawo ndi kwa a Mtila ku Zomba, u Banda anaupeza ku ukwati. Atonga a ku Nkhata Bay nawonso ali ndi a Banda awo. Ndipo iwe wokonda mpira ukumudziwa Barbra Banda wa ku Zambia, amene anagoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewero awiri otsatizana pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021. Pa intaneti ukakumana ndi Banda Aceh ya ku Indonesia kapena mtundu wa Banda wa ku Central African Republic, usati ndi abale. Kumeneko ndi kungofanana kwa mawu.

Tsono Chisomo. Pa mayina ako awiri, ili ndiye lamng'ono. M'nthawi ya agogo athu ana ankafa kwambiri, ndipo mayina ankanyamula misozi. Mayi amene waika ana awiri atatu ankatcha wotsatira Maliro, Manda kapena Chakufa, ngati kuuza imfa kuti uyu ndi wako kale, usavutike naye. Wobadwa pa njala kapena pa mlandu ankakhala Mavuto, wobadwa bambo atamwalira ankakhala Masiye. Mayina ena anali mijedo yolasa apongozi kapena mkazi mnzako. Komanso dzina laumwana silinkakhalitsa. Mtsikana akavinidwa, mnyamata akalowa kudambwe, ankalandira lina, ndipo kumuitana ndi lakale kunali chipongwe.

Mawu oti chisomo analipo m'chiyankhulo chathu. Munthu wa chisomo ndi uja anthu amangomukonda akamuona, uja malonda ake satsala pamsika. Omasulira Baibulo anawatenga kuti anenere kukoma mtima kwa Mulungu kumene munthu amalandira osakugwirira ntchito. Buku Lopatulika litatuluka mu 1922, pantchito yotsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Nkhoma, mawuwa ankamveka Sabata lililonse potseka mapemphero. Komabe Akhristu oyambirira ankabatizidwa ndi mayina ngati Yohane, Estere ndi Grace. Mayina achikhristu a m'Chichewa, a Chisomo, Chifundo, Madalitso, Yamikani ndi Tadala, anadzachuluka pambuyo pake, makolo ataona kuti angathe kuthokoza Mulungu m'chiyankhulo chawo. Ubwino wake salabadira kuti mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Ine kuchuluka kwa a Chisomo kumandikondweretsa. M'kalasi modzaza a Chisomo ndi a Mphatso ndi mwabwino kuposa modzaza a Maliro. Kumatanthauza kuti amayi ambiri akutuluka m'chipatala ndi ana amoyo ndipo akutcha mayina mosaopa. Iweyo unabadwa mayi ako atavutika kwambiri, madokotala atachita kuwang'amba usiku. Titamva kuti nonse awiri muli moyo, panalibe amene akanati ndi nzeru zake. Sindinatole dzinali chifukwa linali m'fasho. Aliyense mwa anzako otchedwa Chisomo ali ndi nkhani yake yotere, ukawafunse.

Zosokonekera pa mapepala ndi zoona, sindikutsutsa. Mankhwala ake ndi kuika dzina lapakati, la bambo ako kapena la agogo ako aakazi, ndipo uonetsetse kuti lalembedwa chimodzimodzi pa chiphaso cha unzika ndi pa masatifiketi onse. Koma Chisomo ndi Banda usawachotse.

Mu August Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, kukalambira Kalonga Gawa Undi. Ndikufuna chaka chino tipite limodzi, ukaone wekha unyinji wa a Banda ndi a Phiri. Usanatero, ukatsekera ubwere ndi kope ndi cholembera. Agogo ako akadali ndi mphamvu zoyankhula, ndipo mayina a makolo athu onse ali m'mutu mwawo. Udzawalembe.

Upereke moni kwa anzako.

Ndine azakhali ako,
Nabanda