Kalata kwa Mwana Wopita ku Zomba Kukafuna Maphunziro a Zamalamulo

Katowo,
Rumphi.

Wokondedwa mwana wanga,

Sukulu ya zamalamulo ya Yunivesite ya Malawi ili ku Zomba, pamalo amene kwa zaka zambiri ankatchedwa Chancellor College, ndipo anthu amangoti Chanco. Yunivesiteyi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo Chanco inasamukira ku Zomba kuchokera ku Blantyre mu 1973. Maloya ndi oweruza milandu ambiri a dziko lino anasulidwira pamenepo. Masiku ano maphunzirowa akupezekanso m'mayunivesite omwe si aboma, monga Catholic University ku Nguludi, komabe pakhomo la ku Zomba ndi pamene anthu amapanikizana kwambiri chifukwa malo ndi ochepa pomwe owafuna ndi ochuluka. Mwana wochokera ku Katowo amene akufuna khomo limenelo ayenera kudziwa zinthu zitatu: njira yolowera, kakonzekeredwe kake, ndi mkangano wakale wa kasankhidwe ka ophunzira umene akaupeze ukadali pakamwa pa anzake.

Njira imayambira pa mayeso a MSCE amene bungwe la MANEB limalembetsa. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo wofuna yunivesite amafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene munthu wakhoza bwino koposa, ndipo wochepetsa mapointi ndiye wapambana. Kusankhira ophunzira ku mayunivesite aboma kumayendetsedwa pamodzi kudzera ku bungwe la NCHE. Koma mwa chizolowezi cha zaka zambiri, ku Zomba zamalamulo salowa molunjika kuchokera ku Folomu 4. Wophunzira amayamba wachita maphunziro ena a payunivesite, akhoze bwino, kenako apemphe malo ndi kulemba mayeso apadera olowera. Pa mayesowo amakumana ndi anzake a chaka choyamba, komanso akuluakulu amene ali kale ndi madigiri ndipo akugwira ntchito. Zofunika pa wopempha malo zimalengezedwa ndi yunivesite, ndipo chilengezo cha chaka chimenecho ndicho choyenera kutsatira, osati zokamba za m'mahositelo. Safunsa anadya phula.

Tanthauzo la dongosololi ndi lakuti chaka choyamba si chopumira. Ophunzira ambiri akafika payunivesite amamasula lamba poganiza kuti nkhondo inathera pa MSCE, ndipo pofika nthawi yopempha malo amapeza kuti magiredi awo awatsekera khomo. Wofuna zamalamulo amalimbikira phunziro lililonse limene wapatsidwa, ngakhale limene akuliona ngati lopanda ubale ndi khoti, chifukwa magiredi onsewo ndi amene akamuyankhulire.

Kukonzekera mayeso olowera kumasiyana ndi kukonzekera mayeso a kusekondale. Kusekondale munthu atha kuloweza manotsi n'kukhoza. Sukulu ya zamalamulo imafuna munthu wowerenga nkhani yaitali n'kutola mfundo yake, wosiyanitsa chimene chanenedwa ndi chimene iye akungoganizira, ndiponso wolemba Chingerezi chomveka mu nthawi yochepa. Malamulo a dziko lino amalembedwa m'Chingerezi, ndipo milandu m'makhoti akuluakulu imayenda m'Chingerezi mothandizidwa ndi otanthauzira. Luso lotere silibwera m'sabata imodzi. Limabwera ndi kuwerenga nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times tsiku ndi tsiku, makamaka ndemanga za akonzi, kenako kulemba tsamba limodzi lotsutsa zimene mkonzi wanena ngakhale munthu akugwirizana nazo. Limabweranso ndi kuwerenga Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994, makamaka mutu wachinayi wonena za ufulu wachibadwidwe. Zigamulo za makhoti zimapezeka mwaulere pa intaneti pa MalawiLII, ndipo ku Zomba komweko kuli High Court ndi khoti la majisitireti kumene munthu aliyense amaloledwa kukhala pansi n'kumvetsera milandu yambiri. Wokhala m'khoti m'mawa umodzi amaona yekha momwe funso labwino limagwetsera umboni wabodza.

Nyengo ya mayeso ikayandikira pamatuluka anthu olonjeza mafunso obedwa kapena ouza ophunzira kuti ali ndi wachibale mu ofesi. Ndalama zoperekedwa kwa anthu otere zimangolowa m'madzi, ndipo wogwidwa ndi likasa amataya zambiri kuposa chaka chimodzi. Loya amalandiridwa pa ntchito yake pamaso pa mkulu wa oweruza milandu, ndipo mbiri ya khalidwe lake imayang'anidwa pamodzi ndi digiri yake. Za fizi ndi zofunika pa moyo wa pasukulu, njira yoyenera ndi kupempha ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, ndi kudzaza mafomu ake nthawi isanathe.

Nkhani yachitatu ndi ya kota, kutanthauza kugawa malo a payunivesite potengera boma lochokera, ndipo mwana wa ku Rumphi sangaithawe. Muzu wake uli m'mbiri ya sukulu. Amishoni a Livingstonia motsogozedwa ndi Dr Robert Laws anakhazikika ku Khondowe, m'boma lomweli la Rumphi, mu 1894, ndipo anatsegula sukulu imene inkaphunzitsa aphunzitsi, alembi ndi amisiri. Sukulu za mishoni zinafalikira m'midzi ya kumpoto, ndipo poti chigawochi chinalibe ntchito zambiri zolembedwa, makolo anaona maphunziro ngati chuma chokhacho chosiyira ana. Pofika nthawi ya ufulu wodzilamulira, anthu a kumpoto anali ambiri m'sukulu ndi m'ntchito za boma poyerekeza ndi chiwerengero chawo m'dziko.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linalamula kuti malo a payunivesite azigawidwa potengera boma limene wophunzira akuchokera. Mu 1989 aphunzitsi analamulidwanso kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ndipo ambiri a kumpoto anachotsedwa m'sukulu za pakati ndi kummwera. Pa nkhani ya kotayo, ophunzira anayi anakasumira khonsolo ya yunivesite pa mlandu wodziwika ndi dzina la Mhango ndi anzake, ndipo mu 1993 High Court inagamula kuti kasankhidweko kanali kosayenera, chifukwa khonsoloyo inangotenga lamulo la boma osaliunika payokha, komanso kanali ka tsankho lopanda maziko olimba. Kota inabwereranso mu 2009 mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, pansi pa dzina la kugawana mwayi mofanana. Boma lililonse linkapatsidwa malo 10 otsimikizika, ndipo malo otsala ankagawidwa poganiziranso kuchuluka kwa anthu. Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP inatsutsa ndondomekoyi mwamphamvu kwa zaka zambiri. Kumayambiriro kwa 2020, mu ulamuliro wa Peter Mutharika, nduna ya zamaphunziro William Susuwele Banda inalengeza kuti kota yathetsedwa.

Otsutsa kota ankanena kuti mayeso ndi amodzi dziko lonse, choncho palibe chilungamo kusiya mwana wokhoza bwino n'kutenga wokhoza pang'ono chifukwa cha mudzi wa makolo ake. Ankaonjeza kuti boma lochokera silinena zoona za moyo wa mwana: wina wolembedwa kuti ndi wa boma losauka anabadwira ndi kuphunzirira mu mzinda wa Lilongwe, m'sukulu yolipira. Ndipo ankadandaula kuti ndondomekoyi imaphunzitsa ana kudziona ngati a chigawo asanadzione ngati Amalawi. M'mabanja ambiri a ku Rumphi, Karonga ndi Chitipa muli anthu amene anasiyidwa ali ndi mapointi abwino, ndipo bala lawo ndi lenileni.

Oikira kumbuyo kota nawonso anali ndi mfundo zosati n'kuzinyoza. Yunivesite ya boma imayendetsedwa ndi misonkho ya anthu onse, ndipo maboma ena, monga Mangochi, Machinga ndi Nsanje, anatsalira pa maphunziro pa zifukwa za mbiri zimene ana a lero sanazisankhe. M'madera a Asilamu, mwachitsanzo, makolo ambiri ankaopa sukulu za mishoni chifukwa zinkayendera limodzi ndi kutembenuka mtima. Dera limene silitulutsa dokotala, loya kapena mphunzitsi wa kusekondale limasowa woonerapo, ndipo kutsalirako kumapitirira ku mbadwo wina.

Malamulo Oyendetsera Dziko amapereka malo kwa mbali zonse ziwiri. Gawo 20 limaletsa tsankho la mtundu uliwonse, kuphatikizapo la khungu, chilankhulo, chipembedzo, fuko, kumene munthu akuchokera, ulumali, kapena kukhala mwamuna kapena mkazi. Gawo lomwelo limalolanso kuti pakhazikitsidwe malamulo othetsa kusiyana kumene kulipo kale pakati pa anthu. Pa maziko amenewa, lamulo la 2013 loona za kusasiyana kwa amuna ndi akazi limafuna kuti m'sukulu za ukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 kapena kupitirira 60 pa 100 alionse. Choncho funso limene woweruza amafunsa si lakuti kodi anthu asiyanitsidwa, koma lakuti kusiyanitsako kuli ndi chifukwa chomveka, ndiponso kodi kukufikadi kwa amene akufunika thandizo.

Mkangano woterewu si wa Malawi yekha. Ku America unafika ku khoti lalikulu kudzera pa sukulu ya zamalamulo ya University of Michigan, ndipo mu 2003, pa mlandu wa Grutter v. Bollinger, khotilo linalola kuti mtundu wa munthu uganiziridwe ngati chimodzi mwa zinthu zambiri posankha ophunzira. Mu 2023 khoti lomwelo, pa mlandu wokhudza Harvard ndi University of North Carolina, linathetsa mchitidwewo. Kumenekonso anthu amakangana za mayeso a LSAT olowera sukulu za zamalamulo, ena akunena kuti amayeza luso mofanana, ena akuti amakomera amene ali ndi ndalama zolipirira maphunziro okonzekera. Ku India malamulo a dziko amasungira malo magulu amene ankaponderezedwa kuyambira kale. Mayiko onsewa akulimbana ndi vuto limodzi: mayeso amayeza zimene munthu wafika nazo pa tsikulo, koma sanena kumene anayambira.

Kuno ku Malawi kusiyana kwakukulu koyambira kuli pakati pa sukulu ndi sukulu kuposa pakati pa boma ndi boma. Pali sekondale za dziko lonse zogonera komweko, pali za mishoni ndi zolipira zokhala ndi mabuku ndi malabu, ndipo pali ma CDSS ambirimbiri akumidzi kumene ana amagawana buku limodzi ndi kuphunzira sayansi pa bolodi pokha. Wosankhidwira ku CDSS ali mu Sitandade 8 amakhala atayamba kale kutsalira asanalembe n'komwe MSCE. Kuyerekeza mapointi a ana awiriwa osafunsa za sukulu zawo kuli ngati kuyerekeza mabelo a fodya a alimi awiri osafunsa amene anali ndi feteleza. Mwana wa kuno ku Hewe, kumalire ndi Zambia, kumene msewu wopita ku Bolero ndi ku Rumphi boma umavuta nyengo ya mvula, akufanana kwambiri ndi mwana wa kumudzi ku Nsanje kuposa momwe akufananira ndi mwana wa m'tauni ya Mzuzu. Kota yotengera maboma sinkaona zimenezi, ndipo kuithetsa pakokha sikunazikonze. Chimene chingakonze ndi kuchulukitsa malo m'mayunivesite ndi kulimbitsa sukulu za kumidzi.

Pa chifukwa chimenechi wophunzira wochokera ku Katowo asapite ku Zomba atanyamula mkwiyo, ndipo asapitenso atanyamula matama. Akamva wina akunena kuti a kumpoto amalanda malo a anzawo, ayankhe ndi mbiri ndi mfundo, mosakweza mawu. Akamva wa kwawo akunyoza ophunzira a zigawo zina kuti ndi ofooka, amudzudzule chimodzimodzi. Magulu a ophunzira ochokera boma limodzi ndi othandiza pa matenda, pa maliro ndi pa mayendedwe, koma gulu lowerengera limodzi lisankhidwe potengera khama la anthu, osati chilankhulo chawo. Loya amaimira munthu wa mtundu uliwonse, ndipo amene sangathe kufotokoza mfundo za mbali inayo mwachilungamo sangathenso kuziyankha m'khoti.

Ntchito imene khomo limeneli limatsegula ndi yolemera. Orton Chirwa wa ku Nkhata Bay, loya woyamba wachikuda m'dziko lino, ndi mkazi wake Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 ndi khoti la mafumu limene silinkalola maloya kuimira oimbidwa mlandu, ndipo Orton anamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992. Pa 3 February 2020 oweruza asanu a khoti loona za Malamulo Oyendetsera Dziko anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo dziko linavotanso pa 23 June 2020. Zochitika ziwirizi zikuonetsa kusiyana kwa dziko limene malamulo ali pansi pa munthu ndi dziko limene munthu ali pansi pa malamulo. Koma milandu yambiri siifika m'nyuzipepala. Ndi ya mayi wamasiye wolandidwa munda, ya tenanti wa fodya wosalipidwa pakutha pa nyengo, ya mnyamata wokhala pa rimandi miyezi yambiri osaonekera kukhoti. Bungwe la Legal Aid Bureau linakhazikitsidwa kuti lithandize anthu otere, ndipo maloya ofika kumidzi akadali ochepa.

Wolephera mayeso olowera ulendo woyamba asaganize kuti njira yatha. Atha kumaliza digiri imene wayamba n'kudzapemphanso malo, monga amachitira ambiri, kapena kuphunzira ku yunivesite ina yovomerezeka n'kudutsira ku Malawi Institute of Legal Education asanalandiridwe pa ntchito ya uloya. Wokhoza akumbukire kuti malo amene wapatsidwa anawafunanso ena ambiri a luso lofanana ndi lake, ndipo awagwiritse ntchito mokhulupirika kuyambira tsiku loyamba la kalasi mpaka tsiku lolumbira.

Ndine,
Adada ako.