Matiresi a agogo m'nyengo ya chiperoni

Tinanyamuka ku Limbe Sande m'mamawa, Sabata litangopita, tili anayi ochokera ku nthambi ya zaumoyo ya mpingo wathu. Pa Bvumbwe tinapeza amayi atayala kale kabichi ndi tomato pamsika. Titapitirira boma la Thyolo, minda ya tiyi inaoneka mbali zonse za msewu, koma mapiri anali atabisika m'chifunga. Unali mwezi wa Julaye, nthawi ya chiperoni. Tinatsikira pa Makwasa, kufupi ndi Malamulo kumene ntchito ya mpingo wathu inayambira mu 1902, ndipo tinalowa m'mudzi wapansi, matope akumata kunsapato.

Tinkapita kukaona agogo ena amene anadwala sitiroko n'kufa mbali imodzi. Akulu ampingo ankadandaula kuti agogowo ayamba kukana alendo, ngakhale obwera kudzatsegula nawo Sabata.

Titangolowa m'nyumba, chifukwa chake tinachimva ndi mphuno. Mwana wawo wamkazi anatitengera kuseri natiuza motsitsa mawu: "Amayi akuchita manyazi. Matiresi ndimathira madzi otentha ndi Jik, koma fungo silichoka. Dzuwa nalo kulibe. Pano ndawachepetsera madzi akumwa."

Mayiyu ankagwira ntchito ndi mtima wonse, koma zinthu zitatuzi ndi zimene zinkakulitsa vutolo. Madzi otentha amakhazikitsa banga ndi fungo m'nsalu. Mkodzo ukakhalitsa umatulutsa mpweya wa amoniya, ndipo amoniya akakumana ndi Jik pamatuluka mpweya wopweteka maso ndi chifuwa, makamaka m'chipinda chotseka. Munthu akamamwa madzi ochepa, mkodzo umakhala wachikasu kwambiri ndi wonunkha, ndipo matenda a m'chikhodzodzo sachedwa.

Tinawakhazika agogo pampando pafupi ndi moto, n'kutulutsa matiresiwo pakhonde. Mabulangete ndi zitenje tinayamba tazitsukuluza ndi madzi ozizira tisanazichape ndi sopo. Pamatiresi tinatsindika nsalu youma pamalo onyowawo osapukuta, chifukwa kupukuta kumafalitsa banga. Kenako tinasakaniza kapu imodzi ya viniga woyera ndi kapu imodzi ya madzi, tinawaza, tinadikira mphindi 15, n'kutsindikanso nsalu youma. Pomaliza tinathirapo soda, yemweyu timaphikira therere, kuti agonepo mpaka m'mawa asanamusese. Makhushoni a sofa tinawachita chimodzimodzi, titayesa kaye pakona yobisika kuti tione ngati mtundu susuluka. Viniga nayenso asakumane ndi Jik.

Kumene dzuwa limasowa masiku angapo ngati kuno, chachikulu n'kuteteza matiresi kuti asanyowe n'komwe, popeza siponji ikamwa madzi imachedwa kuuma ndipo imachita nkhungu. Tinayala pepala lochindikala la pulasitiki pakati pa bedi, pamwamba pake chitenje chopinda kawiri kuti khungu lisagunde pulasitiki. Chikanyowa, chochapa ndi chitenje chokha, ndipo chimauma ngakhale pachingwe cha pakhonde. Tinagwirizana kuti ndowa yovindikira izikhala pafupi ndi bedi, agogo azithandizidwa kutaya madzi asanagone, azimwa madzi okwanira masana n'kuchepetsa madzulo okha. Akanyowa azisinthidwa msanga ndi kutsukidwa, chifukwa khungu lokhala pachinyezi limabuka zilonda zovuta kupola.

Tinamulangizanso mayiyo kuti akafotokoze zimenezi kuchipatala. Kulephera kusunga mkodzo kumatha kubwera ndi matenda a shuga, a m'chikhodzodzo, kapena kukula kwa prostate mwa abambo, ndipo zambiri mwa izi zili ndi thandizo. Mnansi wina amene anabwera kudzaonerera anafunsa za mwana wake wa zaka 6 amene amakodza pogona. Tinamuuza kuti njira yochapira ndi yomweyi, ndipo asamukwapule kapena kumuyalutsa pamaso pa anzake, pakuti sachitira dala.

Cha m'ma 3 koloko mvula yowaza inayambiranso. Potsanzika tinagwada pafupi ndi mpando wa agogo n'kupemphera nawo. Anatigwira dzanja ndi dzanja lawo lamphamvu lija.

"Ana anga," anatero, "mukawauze akulu ampingo kuti Lachisanu abwere. Abweretse ndi mabuku anyimbo."